Mwanabere, mphere ndi chipsera cha paphewa: mafunso ndi mayankho pa za khungu

Khalani pabenchi ya odikira pa chipatala cha Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma kapena ku St Gabriel ku Namitete m'mawa umodzi wokha, muone anthu amene abwera ndi nkhani ya pakhungu. Mwana wa chipere m'mutu, mayi wokanda pakati pa zala, bambo wa bala la khasu lomwe lakana kupola, gogo wa matuza m'nthiti. Komatu tikamatchula ziwalo timayambira mtima, chiwindi ndi impso, khungu n'kuliiwala. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka m'midzi mwathu, ndipo mayankho ake ambiri akuloza kumodzi: kuyabwa, kutupa ndi mafinya, zomwe timazitcha matenda, nthawi zambiri ndi khungu lenilenilo lili pa ntchito.

Kodi khungu n'chiwalo, kapena n'chophimba thupi basi?

N'chiwalo, ndipo palibe china choliposa kukula. La munthu wamkulu litatambasulidwa lingakwane masikweya mita pafupifupi awiri. Lili ndi magawo atatu osanjikizana.

Gawo lapamwamba, lomwe a zachipatala amalitcha epidermis, ndi lopyapyala zedi: pachikope silikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, pomwe kuphazi limapitirira milimita imodzi. Mulibe mtsempha wa magazi ndi umodzi womwe. N'chifukwa chake tsekera likakukalani pang'ono pamangooneka mzere woyera. Magazi akatuluka, dziwani kuti lafika m'gawo lachiwiri, dermis. Umu ndi momwe muli mitsempha ya magazi, minyewa yomvera kutentha ndi ululu, mizu ya tsitsi ndi cheya, timatumba topanga thukuta ndi mafuta, komanso ulusi wolimba wotchedwa collagen. Chikopa cha ng'ombe chimapirira kukungidwa pa ng'oma chifukwa cha ulusi umenewu. Pansi penipeni pali mafuta, osunga kutentha ndi kuteteza mnofu tikagundika.

N'chifukwa chiyani timatuwa nthawi yozizira, ngakhale tasamba?

Pafupifupi maselo 9 mwa 10 alionse a gawo lapamwamba ndi amtundu umodzi, otchedwa keratinocyte. Amabadwira pansi pa gawolo, pomwe maselo amagawikana usana ndi usiku, atsopano akukankhira akale m'mwamba. Ali paulendowo amadzaza ndi keratin, chomwe chimapanganso zikhadabo, tsitsi ndi nyanga za mbuzi. Pofika pamwamba amakhala ataphwatalala, atafa. Ulendowu umatenga mwezi kapena kupitirirapo pang'ono, kenako amayoyoka ife osadziwa.

Maselo akufawa amasanjana mizere 15 mpaka 20 ngati njerwa za khoma, ndipo mafuta amene anatulutsa asanafe ndiwo dothi lomangira. Khomali ndilo limatsekera madzi m'thupi ndi kutsekereza tizilombo kunja. Mwera wa mu Juni ndi Julayi umaumitsa dothilo, njerwa n'kuyamba kutukuka m'mphepete: ndiko kutuwa mbuu kuja. Sopo wochapira zovala amawonjezera vutolo, chifukwa amasungunula mafutawo ndi kuchotsa kuwawasa pang'ono kwa pakhungu, komwe mabakiteriya ambiri oipa amadana nako. Kudzikhula ndi mwala kapena chinkhupule mpaka khungu kuthetheka si ukhondo ayi. Ndipo kudzola mafuta wamba mutangosamba, thupi lisanaumiretu, si kudzikongoletsa chabe: ming'alu ya kuzidendene ndi polowera tizilombo, makamaka kwa munthu wa matenda a shuga.

Ngati pamwamba pali maselo akufa, nanga chitetezo chenicheni chili pati?

Chili pansi pa akufawo, ndipo sichigona. Ma keratinocyte amoyo amatha kuzindikira zidutswa za mabakiteriya, mavairasi ndi mafangasi. Akazindikira amatulutsa timankhwala tawotawo, monga defensin ndi cathelicidin, toboola tizilombo, n'kutumizanso uthenga woitana asilikali a m'magazi. Nalo thukuta lili ndi mankhwala ake, dermcidin. Kuwonjezera apo, pakhungu pa munthu aliyense pamakhala mabakiteriya ankhaninkhani osavulaza, amene amadzaza malo pomwe oipa akanakhazikika. Khungu lopanda kachilombo n'kamodzi komwe kulibe, ndipo likanakhalako silikanakhala la thanzi.

Koma mlonda wotchuka ndi selo la Langerhans. Mu 1868, Paul Langerhans, mnyamata wophunzira udokotala ku Berlin, anaona maselo a nthambinthambi pakati pa ma keratinocyte, nawayesa minyewa chifukwa cha maonekedwe awo. Panadutsa zaka zoposa 100 asayansi asanatsimikize kuti ndi a chitetezo. Ndi ochepa, awiri mpaka anayi pa maselo 100 alionse a gawo lapamwamba, koma nthambi zawo zimafika paliponse. Iwowa, pamodzi ndi anzawo ofanana nawo a m'gawo lachiwiri, amatola chidutswa cha chinthu chachilendo, n'kunyamuka pakhungupo kudzera m'timitsempha ta madzi a m'thupi kukachionetsa kwa maselo otchedwa T. Kumeneko n'komwe kumagamulidwa ngati chinthucho n'chofunika nkhondo kapena n'chongochisiya. Kuchisiyako nako ndi luso: thupi likanati lizimenyana ndi fumbi lililonse la kumunda, bwenzi tonse tili zilonda zokhazokha.

Nkhondo ikatha, ena mwa maselo a T amakhazikika pakhungu pomwepo kwa zaka, akukumbukira mdaniyo. Kafukufuku wa mu 2006 anayerekeza kuti khungu la munthu wamkulu lili ndi maselo a T okwana 20 biliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri omwe akuyenda m'magazi.

Bwanji bala lili kuchala chakuphazi, koma mwanabere n'kutupa m'mphechepeche?

Chifukwa kumeneko n'komwe mlandu wa balalo umakakambidwa. Timitsempha ta madzi tochokera kumwendo timathira m'timibulu tomwe tili m'mphechepeche. Tochokera kudzanja timathira kukhwapa. Ta m'mutu ndi kumaso timathira m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Maselo otola aja akafika ndi chidutswa cha kachilombo, asilikali odziwa kachilomboko amaswana mofulumira, kambuluko n'kufufuma ndi kuwawa. Tsono mwana wa zilonda m'mutu akatupa kuseri kwa khutu, wofunika mankhwala ndi mutuwo. Kutema mphini pa mwanabere n'kutsegula bala lachiwiri pomwe thupi likugwira ntchito yake bwinobwino.

Mwanabere wa bala amawawa, ndipo amaphwa balalo likamapola. Wodetsa nkhawa ndi wosawawa uja: wolimba gwa, wokulirakulira, wotha masabata angapo popanda bala looneka, makamaka m'khosi, mwini wake akuonda ndi kutuluka thukuta usiku. Ameneyo akhoza kukhala chizindikiro cha TB, HIV kapena khansa, ndipo ngofunika adokotala amuone.

Nanga mafinya n'chiyani? Ndi poizoni wa bala?

Ndi mitembo ya asilikali. Khungu likang'ambika, magazi amaundana kaye n'kutseka pabalapo. Nkhanambo ndi magazi oumawo. Maselo otchedwa mast, okhala m'mbali mwa mitsempha, amatulutsa histamine ndi mankhwala ena okulitsa timitsempha. Magazi amabwera ambiri, ndiye kutenthako. Madzi amatuluka m'mitsempha kulowa m'mnofu, ndiye kutupako. M'maola ochepa maselo oyera otchedwa neutrophil amakhamukira pamalopo, kumeza mabakiteriya, iwonso n'kufera pompo. Mafinya ndi iwowa, osakanikirana ndi tizilombo ndi mnofu wowonongeka.

Pambuyo pawo amabwera ma macrophage, osesa zotsalira ndi kuyambitsa kumanga. Mnofu wofiira psuu umadzaza dzenjelo, ma keratinocyte n'kumakwawa kuchokera m'mphepete mpaka kukumana pakati. Chipsera ndi collagen woikidwa mothamanga, n'chifukwa chake sichimera cheya, sichituluka thukuta. Kwa anthu ena, makamaka ife a khungu lakuda, kumangako sikuleka pa nthawi yake, chipsera n'kutukumuka kupitirira bala, monga zimachitikira ena akaboola makutu kapena akatemedwa mphini pachifuwa.

Mabuku ambiri a zachipatala amati chizindikiro cha bala lotukusira ndi kufiira, poti analembedwa poyang'ana khungu loyera. Pa khungu lathu kufiirako sikuoneka bwino. Dalirani dzanja: pakatentha, pakalimba, pakamanyezimira ndi kuda kuposa pozungulira, ululu ukukulira tsiku ndi tsiku, thupi n'kuyamba kutentha, ndiye kuti asilikali achepa mphamvu.

Bala latsopano limafuna madzi oyera ambiri ndi sopo, kenako kansalu koyera. Dothi, ndowe, phulusa, oilo wa galimoto kapena ufa wa m'kapisozi sizithandiza maselo omanga aja. Kachilombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo, choncho wobayidwa ndi msomali, chitsa kapena khasu akafunse za katemera wake.

Anthu amati mphere ndi matenda a uve. N'zoona?

Mphere sizisankha wosamba ndi wosasamba. Zimayamba ndi kachilombo ka miyendo isanu ndi itatu, kosakwana theka la milimita, kotchedwa Sarcoptes scabiei. Kakakazi kamakumba njira m'kati mwa maselo akufa aja, kakuikira mazira awiri kapena atatu patsiku, komwe sopo safikako. Kamayenda pomwe matupi akhudzana nthawi yaitali: kugona mphasa imodzi, kufunda bulangete limodzi, kubereka mwana kumsana. Ndiye chifukwa chake zimakonda m'nyumba zothithikana, m'zipinda zogona ana asukulu ndi m'ndende. Vuto ndi kuchepa kwa malo, osati kusakonda madzi.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wokanda usiku wonse nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 tokha thupi lonse. Kuyabwako si kuluma kwa kachilombo. Ndi chitetezo chanu chikulimbana ndi mazira ndi zitosi zake. Wogwidwa koyamba amatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi osamva kanthu, akupatsira anzake, chifukwa thupi likadali kuphunzira mdaniyo. Wogwidwa kachiwiri amayamba kukanda tsiku limodzi kapena masiku ochepa, poti maselo a T aja sanaiwale.

Pamenepa pakutuluka malamulo awiri amene ambiri amawaphwanya. Loyamba: mankhwala, kaya ndi odzola a benzyl benzoate kapena mapiritsi a ivermectin, ndi a banja lonse tsiku limodzi, ngakhale amene sakukanda. Mayi akangodzoza mwana yekha, mwezi ukatha abwereranso pamzere. Odzolawo amafunika kuyambira m'khosi mpaka kuzala zakumapazi, osati pamene pakuyabwa pokha, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha kapena zimangidwe m'thumba lapulasitiki kwa sabata. Lachiwiri: kuyabwa kumatha kupitirira masabata awiri kapena anayi tizilombo titafa kale, mpaka maselo akufawo atayoyoka ndi zotsalira zonse. Kumangowonjezera mankhwala tsiku ndi tsiku kumawotcha khungu pachabe.

Mphere si zoseketsa. Zilonda za kukanda zimalowetsa bakiteriya wa streptococcus, ndipo ana ena patapita masabata amatupa nkhope, mkodzo n'kuda, impso zitavulala. Kwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika kwambiri, tizilomboti timaswana zikwizikwi, khungu n'kuchita nkhanambo zokhuthala, mwina osayabwa n'komwe. Bungwe la WHO linaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017.

Kachipsera ka paphewa kaja, bwanji katemera ameneyu yekha ndiye amasiya chizindikiro?

Ameneyo ndi BCG, amene anayamba kuperekedwa mu 1921 ndipo ana amalandira akangobadwa. Akatemera ambiri amabayidwa m'mnofu, koma uyu amaikidwa m'kati mwa khungu lenilenilo, momwe maselo otola aja achuluka. Muli mabakiteriya amoyo koma ofooketsedwa. Pakapita masabata angapo pamatuluka kachotupa, kamaphulika, kenako n'kupola pakokha. Mayi asafinye, asapake kanthu. Ndi sukulu ya chitetezo imeneyo. Katemerayu amateteza ana ku TB yoopsa, monga ya muubongo.

Dziko lathu linaphunzitsa dziko lapansi chinthu china pa katemerayu. Pakati pa 1986 ndi 1989, ofufuza ku Karonga anatemera anthu oposa 120,000, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 1996 zinaonetsa kuti BCG wachiwiri sanateteze ku TB ya m'mapapo, koma anachepetsa khate ndi pafupifupi theka. Tizilombo ta matenda awiriwa ndi ta pachibale.

Kodi khate likadalipo? Nanga bwanji ena limawadula zala, ena ayi?

Lilipo, ngakhale kuti Malawi anafika mlingo wa WHO wolithetsa ngati vuto la dziko mu 1994. Pamene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg ankatsegula St Gabriel mu 1959, odwala khate ankasungidwa m'malo awoawo monga ku Mua, ku Utale ndi ku Kochilira m'boma la Mchinji. Lero amachira ali kwawo, akumwa mankhwala aulere kwa miyezi 6 kapena 12.

Khate limaonetsa bwino kuti nkhope ya matenda imaumbidwa ndi chitetezo cha wodwalayo. Kachilombo n'kamodzi, kamene Armauer Hansen wa ku Norway anakaona mu 1873. Anthu ambiri, pafupifupi 95 pa 100 alionse, akakumana nako sadwala. Amene maselo awo a T amenya mwamphamvu amangotuluka mawanga ochepa otumbuluka. Amene maselo awo sanakazindikire bwino amadzadza tizilombo, n'kutuluka zotupa kumaso ndi m'makutu. Zala sizidulidwa ndi kachilombo: minyewa ikafa, munthu amapsa ndi poto kapena kubayidwa ndi minga osamva, mabala n'kumatukusira mpaka fupa. Banga lotumbuluka losayabwa, lomwe silimva mukalikhudza ndi thonje, musalitenge ngati chipere.

Kodi khungu lakuda lili ndi maselo ochuluka opanga mtundu kuposa loyera?

Ayi, chiwerengero chawo n'chofanana pafupifupi mwa anthu onse. Maselowa, otchedwa melanocyte, amakhala pansi pa gawo lapamwamba, ndipo lililonse limagawira ma keratinocyte oposa 30 timapaketi ta melanin. Kusiyana kuli pa kukula ndi kuchuluka kwa timapaketito. Keratinocyte ikalandira, imatiika pamwamba pa phata lake, pomwe pali DNA, kuti cheza cha dzuwa chisawononge malangizo a selolo.

Munthu wa khungu lachialubino ali nawo ma melanocyte, koma sapanga melanin wokwanira. Chibadwa chimenechi amachitenga kwa makolo onse awiri, osati kwa mayi yekha monga ena amanenera pofuna kuthawa banja. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu otere 134,636 m'dziko muno. Tikamva za mavuto awo timaganiza za achiwembu, ndipo m'pake, koma dzuwa nalo limapha mwakachetechete: limawononga DNA ya ma keratinocyte, limachepetsanso maselo a Langerhans, khansa n'kupeza mpata. Mwana wachialubino kumunda masana wopanda chipewa cha khonde ndi malaya aatali manja akuikidwa pangozi yomwe idzaonekere atakula. Mafuta oteteza ku dzuwa ngofunika tsiku lililonse, ngakhale kuli mitambo, ndipo kachilonda kosapola pamlomo, pakhutu kapena m'khosi kakaonedwe kakadali kakang'ono. A bungwe la anthu achialubino la APAM akhala akulimbikira zimenezi.

Nanga mafuta oyeretsa khungu ali ndi vuto lanji, poti amasalalitsa?

Amasalalitsadi, miyezi yoyambirira. Ambiri mwa omwe amagulitsidwa m'misika muli mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, kapena hydroquinone, ena mpaka mercury. Steroid ntchito yake ndi kugonetsa chitetezo. Adokotala amamupereka kwa masiku owerengeka pomwe chitetezo chapsa mtima mopitirira. Wodzola miyezi ndi zaka amagonetsa alonda onse tatchula aja. Khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, mabala amachedwa kupola, ndipo mafangasi amayenda momasuka. Hydroquinone wa nthawi yaitali amadetsa masaya kuposa poyamba, kudetsa kovuta kuchotsa. Mercury amakafika ku impso.

Cholakwika chofala n'kupaka mafuta a steroid oterewa pa chipere. Kuyabwa kumaleka, mwini wake n'kuti wapeza mankhwala, pomwe fangasi ikufalikira mosaoneka. Chipere cha m'mutu, chomwe ana amapatsirana pometa ndi lezala kapena makina amodzi, chimalowa mpaka kumizu ya tsitsi. Chimafuna mapiritsi a masabata angapo, zodzola zokha sizifikako.

Bwanji mashingozi amachititsa anthu kuganiza za HIV?

Vairasi ya katsabola sichoka m'thupi. Mwana akachira, imakabisala kumizu ya minyewa pafupi ndi msana, maselo a T akuipanikiza kwa zaka makumi. Akafooka, imatsika ndi mnyewa umodzi n'kudzatulukira pakhungu. Ndiye chifukwa chake matuza amandandalika mbali imodzi ya thupi osadumpha pakati. Ukalamba umafooketsa maselowa, khansa ndi mankhwala ena nazonso, kotero si mashingozi onse omwe ndi HIV. Koma HIV imalimbana ndi maselo a T a mtundu wa CD4, ndipo kwa munthu wachinyamata mashingozi ndi chifukwa chokwanira chokayezetsera. Mankhwala a acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa masiku atatu asanathe, ndipo matuza a pafupi ndi diso ndi a tsiku lomwelo.

Khungu limafulumira kuulula chitetezo chikatsika. Khansa ya Kaposi, imodzi mwa zofala kwambiri kwa amuna m'Malawi, imayamba ndi vairasi ya HHV-8, yomwe Yuan Chang ndi Patrick Moore anaitulukira mu 1994. Anthu ambiri kuno ali nayo vairasiyi osadwala. Imadzuka chitetezo chikagwa, n'kuoneka ngati mawanga kapena timibulu takuda pamiyendo ndi m'kamwa, mwendo ukutupa. Chiyambireni boma kupereka ma ARV aulere mu 2004, ambiri aona mawangawa akuzilala CD4 ikamakwera, ndipo ofunika mankhwala a khansa amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Central ku Lilongwe.

Khungu labwinobwino sililowetsa HIV. Kugwirana chanza kulibe vuto. Koma mkati mwa khungu la kunsonga kwa chida cha abambo ndi mofewa, muli maselo a Langerhans ambiri omwe vairasiyi imatha kuwakwera. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anapezera kuti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo cha mwamuna ndi pafupifupi 60 pa 100.

Ndiye palibe chomwe chimadutsa pakhungu losang'ambika?

Chilipo, ndipo ife a dera la fodya tiyenera kuchidziwa. Nikotini amasungunuka m'madzi ndi m'mafuta momwe, choncho amadutsa pakati pa maselo akufa aja mosavuta. Wothyola fodya m'mawa, masamba ali ndi mame kapena mvula, akuwapanira kukhwapa malaya atanyowa, amamwa nikotini kudzera pakhungu ngakhale sanasutepo. Madzulo ake mutu, nseru, kusanza, chizungulire. Ambiri amati ndi malungo. Ana amavutika koposa chifukwa matupi awo ndi aang'ono, ndipo ichi chokha n'chokwanira kuti asapezeke m'munda wa fodya kapena pansi pa chigafa akusoka. Kudikira mame akamuke, kuvala zotchinga madzi, kuvula zonyowa ndi kusamba msanga kumachepetsa vutoli. Mankhwala opopera mbewu amalowanso chimodzimodzi, makamaka sipuleya ikamadonthera kumsana.

Palinso tizilombo tomwe tinaphunzira kuboola. Ta likodzo timachoka m'nkhono za m'madzi odikha a m'madambo ndi m'madamu, n'kusungunula njira pakhungu m'mphindi zochepa. Nyongolotsi zina zoyamwa magazi m'matumbo zimalowera kumapazi a woyenda wopanda nsapato pa dothi loipitsidwa. Udzudzu ndiye umangobaya n'kulambalala zonse.

Kodi chakudya chimaonekera pakhungu?

Msangamsanga, chifukwa maselo omwe amagawikana tsiku lililonse sachedwa kumva njala. Mwana wotupikana chifukwa chosowa zakudya amasupuka khungu, mabala ake osapola. Palinso matenda a pellagra, obwera posowa vitamini ya niacin kwa anthu odalira chimanga chokha: khungu limada ndi kukakala pomwe dzuwa limawomba, kuseri kwa manja, kumapazi ndi mozungulira khosi, kenako kutsekula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Kachasu ndi mankhwala a TB a isoniazid zimawonjezera chiopsezo. Mu 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe anali kumwera kwa dziko lino anadwala matendawa mtedza utaleka kufika m'chakudya chomwe ankalandira. Kuno kwathu, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nsaru, mtedza ndi wolima tokha. Zimandiwawa kuona banja litagulitsa matumba onse kwa mavenda mu Meyi, osasiyako ngakhale ndowa ya nsinjiro, pofika Januwale ana akudya nsima ya ufa woyera ndi masamba a mchere wokha.

Mwana akapsa ndi moto kapena phala, choopsa kwenikweni n'chiyani?

Ntchito zonse tafotokozazi zimaima nthawi imodzi. Madzi a m'thupi amatuluka mopanda chowatsekera, kutentha kwa thupi kumathawa, tizilombo timalowa popanda mlonda. Mwana wamng'ono akhoza kufooka m'maola ochepa ndi bala lomwe wamkulu angapirire.

Thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, pabala pokha, kwinako mutamufunditsa. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira ndi ufa zisayandikire. Matuza musawaboole, chikopa chake ndi bandeji yoyera kuposa iliyonse muli nayo pakhomo. Bala lokula kuposa chikhatho cha mwanayo, kapena la kumaso, m'manja, kumaliseche ndi molumikizira mafupa, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Bala loyera kapena lakuda losawawa musakondwere nalo: minyewa yapsa. Lopsa pamwamba limadzikonza lokha kuchokera ku maselo otsalira m'mizu ya cheya ndi m'timatumba ta thukuta, koma lozama mizuyo imakhala itapsera limodzi, ndipo madokotala amasenda kagawo kopyapyala pantchafu n'kukamata pabalapo, pantchafupo pamameranso.

Ambiri opsa moopsa nyengo yowotha moto ndi ana ongoyamba kuyenda ndi anthu a khunyu. Ena amapsa kwambiri chifukwa omwe ali pafupi amaopa kuwagwira, poganiza kuti atengera matendawo. Khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi mpweya. Wogwera pamoto mukokeni nthawi yomweyo, mumugoneke cham'mbali, muthire madzi pabalapo, ndipo akakafika kuchipatala akayambenso mankhwala oletsa kugwa.